Nyimbo Yoyendera a Telala

Dzina lake lenileni lilipo, linalembedwa bwinobwino pa kabaji kamene amapachika pachifuwa kuchipatala, koma palibe amene amavutika nalo. Kwawo, pamsewu, ngakhale madokotala amene amamuphunzitsa, onse amangoti Ndikubwera. Dzinali sanalipemphe, koma analigwirira ntchito. Chiyambire ali kamtsikana, sankakhala pansi mpaka nkhani ithe. Uli mkati momuuza za vuto lako, iye wamva kale mwana akulira kuseri kwa mpanda, wadzambatuka, "Ndikubwera!" Ndipo tisamunamizire, amabweradi. Kungoti pamene akubwera tiyi wazizira, alendo atsanzika, ndipo iwe waiwala pamene unalekezera.

Mayi ake ankati mwanayu anabadwa masiku asanakwane, ndipo chibadwire sanapumepo.

Malo amodzi okha ndi amene ankamukhazika pansi, shopu ya a Telala kumapeto kwa msewu wawo. Kanali kachipinda kopapatiza, kokhala ndi makina osokera opondera ndi phazi, kalilole wong'aluka pakona, tizidutswa ta nsalu pansi ponseponse, ndi jekete la munthu wina amene analisiya kuti alichepetse manja koma sanabwerenso. Pakhoma, pa msomali wokhota, panapachikidwa gitala. A Telala anali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, amene ankamutcha Batani chifukwa ali wokwawa anameza batani la malaya a kasitomala, banja lonse n'kumadikira mwachidwi kuti lituluke. Linatuluka, ndipo a Telala amaumirira mpaka lero kuti analitsuka n'kulisokerera pamalo pake.

Batani ndi Ndikubwera anakula ngati ana a mimba imodzi, ngakhale sankafanana kalikonse. Batani ndi munthu wopinda zovala asanagone. Ndikubwera ndi munthu wofunafuna nsapato inzake basi ikuliza hutala panja. A Telala anayesa kuphunzitsa mwana wawo gitala, koma Batani anangoyang'ana zala zake zitafiira n'kunena kuti zikomo, sadzayambiranso. Mnzakeyo ndiye anaikumbatira osafuna kuisiya.

Khutu anali nalo, zala anali nazo. Chimene analibe ndi kuleza mtima. Nyimbo iliyonse ankaiyamba bwino, koma pofika pakati inali itayamba kuthamanga.

"Iwe mwana, ukuthamangira kuti?" ankatero a Telala, singano ili pakamwa. "Nyimboyi sikukakwera basi ayi."

Kenaka ankayamba kuponda makina pang'onopang'ono, phazi likukwera ndi kutsika, kuti iye atsatire. Nyimbo imene anamuphunzitsira inali yawoyawo, yopeka okha, yopanda mawu. Anaipeka Batani ali khanda losagona, ndipo inali yodekha kwambiri moti ngakhale makasitomala okwiya ankayamba kuyasamula. Inalibe dzina. Ankangoti ija ya Batani.

Ndikubwera atakula anaphunzira unamwino. Poyamba anamuika kumene anthu amabwera kudzayezetsa magazi n'kukhala pabenchi tsiku lonse, ndipo kumeneko anatsala pang'ono kudwala iye mwini chifukwa chosowa chothamangira. Tsono atamva kuti akufuna anthu oti aphunzire ntchito ya kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi, sanadikire kuti amufunse kawiri. Achibale onse anapumira m'mwamba. Mwana wawo anali atapeza ntchito imene munthu amayamikiridwa chifukwa chothawa nkhani ili pakati.

Chipindacho chili ndi zitseko ziwiri zimene zimatsegulidwa ndi phewa, chifukwa manja a aliyense wolowamo amakhala atagwira kanthu. Muli machira a mateyala olira, makatani obiriwira, ndi fungo la mankhwala okolopera limene limakutsatira mpaka kunyumba. Mumabwera wogwa panjinga, wopsa ndi mafuta, wolumidwa ndi galu, mwana wolowetsa njere m'mphuno, ndi bambo amene chifuwa chamuthina koma akuumirira kuti ndi mpweya chabe. Aliyense wogwira ntchito m'menemo amayenda ndi sizasi m'thumba, chifukwa munthu wovulala samuvula malaya, amangowadula. A Telala atamva zimenezi anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye ine ndizisoka, iwe uzing'amba? Mwana wanga, tigwirizane. Akachira uziwalozera kuno."

Amene ankawaphunzitsa anali Sisitala wamkulu, mayi wamfupi wolankhula motsitsa, amene palibe anamuonapo akuthamanga koma ankafika paliponse asanafike wina aliyense. Ophunzira ankamuopa kuposa mayeso. Iye anali ndi mawu amodzi amene ankawabwereza mpaka kutopetsa. Wophunzira akatengeka ndi manambala ophethira pa makina, Sisitala ankamugwira chibwano ndi chala chimodzi n'kumutembenuza nkhope.

"Yang'ana munthu. Makinawo sadwala."

M'chaka chimenecho ndi mmene a Telala anadwala. M'mawa wina Batani anaimba foni kunena kuti bambo agwetsa sizasi, pakamwa papotoka, ndipo akulankhula zosamveka. Ndikubwera sanafunse zambiri. Anati asawamwetse kanthu, asadikire kuti aone ngati zisinthe, awanyamule nthawi yomweyo. Anawalandira yekha pa zitseko ziwiri zija, ndipo ndi iye amene anadula malaya awo, malaya osoka okha, misozi ikutsika. A Telala anachira, koma mbali ya kumanzere inatsalira m'mbuyo. Mwendo unkachita kukokedwa, ndipo zala zimene zinkadina nsambo za gitala zinangopindika. Atatuluka m'chipatala anatumiza Batani kuti akatsitse gitala pa msomali paja, akapereke kwa mnzake.

Chimene chinapweteka banja lonse kuposa mwendowo chinali chakuti a Telala anasiya kutuluka. Munthu amene ankapatsa moni msewu wonse ali pakhomo la shopu tsopano ankakhala kuchipinda, katani yotseka. Njinga ya odwala imene anawabweretsera ankadana nayo ngati yawatukwana. Ankati safuna maso a anthu owamvera chisoni.

Kenaka mphunzitsi wina wamasamu, mnyamata waulemu wolankhula ngati mawu amagula, anafunsira Batani, ndipo tsiku la ukwati linakhazikitsidwa. Madzulo ake a Telala anaitanitsa ndodo. Anati mwana wawo amuperekeza okha, ndi miyendo yawo, kuchokera pakhomo la holo mpaka kutsogolo, ndipo amene atchule za njinga asabwere ku ukwatiko. Kuyambira pamenepo anayamba kuyeserera m'kanjira ka pakati pa nyumba ndi shopu. Ndodo, phazi, kukoka. Ndodo, phazi, kukoka. Ankatuluka thukuta ngati akulima, koma sankasiya.

Batani anapita kukamupeza mnzake kuchipatala nthawi yopuma, atakhala pa masitepe a kuseri akudya buledi mothamanga.

"Iwe, tandimvera bwinobwino, ndipo usadzuke," anatero Batani, atamugwira mkono. "Bambo akufuna uimbe ija ya ine polowa. Iwe wekha, ndi gitala yawo."

"Aa, imeneyo ndiye ndingaimbe ndili m'tulo."

"Sindikufuna uimbe uli m'tulo. Tamvera. Bambo aika mtima wawo wonse pa ulendo umenewu. Akafika kutsogolo ndi miyendo yawo, ndikudziwa kuti atsegulanso shopu. Koma akagwa pamaso pa anthu, kapena wina akawakhazika panjinga paja, basi, katani ija sidzatsegukanso. Ukundimva?"

"Ndakumva, mnzanga."

"Ndiye uzibwera tiziyeserera nawo limodzi."

Ndikubwera analonjeza ndi mtima wonse, ndipo sankanama. Koma mwezi womwewo unali wa mayeso, ndipo kuchipinda kuja anthu savulala motsatira kalendala ya maukwati. Tsiku loyamba loyeserera kunagubuduka minibasi. Tsiku lachiwiri mnzake wa ntchito anadwala. Tsiku lachitatu anafikadi, anakhala pansi, anatchuna gitala, a Telala anaimirira ndi ndodo yawo, ndiye foni n'kulira. Mukudziwa kale chimene ananena potuluka.

Tsono pofuna kuti asachite manyazi, anapeza nzeru imene iye anaiona ngati yapamwamba.

Masiku amenewo ankaphunzira zodzutsa munthu amene mtima wake waima. Umagwada pambali pake, kusanjikiza manja pakati pa chifuwa, n'kumakanikiza mwamphamvu ndiponso mwachangu, osaphonya, osachedwa, kuti magazi aziyendabe mpaka mtima ukumbukire ntchito yake. Ankayeserera pa chidole cha labala, chachikulu ngati munthu, chopanda miyendo, chimene ophunzira ankachitcha Malume chifukwa chinkangogona anthu ena akuvutika. Chovuta pa ntchitoyi si mphamvu ayi, koma liwiro. Ena ankayamba bwino n'kufooka, ena ankathamanga mopitirira, ndipo Sisitala ankangopukusa mutu.

Ndikubwera atagwada pa Malume anaganiza kuti, popeza nthawi yoyeserera nyimbo ya ukwati palibe, bwanji aziiyeserera pomwepa? Anayamba kuing'ung'udza m'mphuno manja akukanikiza. Nyimboyo inali yodekha kwambiri kuti igwirizane ndi manjawo, choncho anaikoka pang'ono, n'kuikokanso, mpaka inalowa ndendende. Ndipo zinayenda bwanji! Manja ake anagunda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sisitala anaima, anamvetsera, n'kunena mawu amene sankawataya wamba.

"Onani uyu. Muzichita chonchi."

Posakhalitsa kalasi yonse inali ikung'ung'udza nyimbo yogonetsera Batani pachifuwa cha Malume. Ndikubwera ankaiimba m'mawa, masana, pa chidole, pa pilo kunyumba, ngakhale pa mpando wa m'basi. Mayeso anakhoza bwino kwambiri. Batani akamufunsa pa foni ngati akuyeserera, iye ankayankha mosanama kuti tsiku lililonse. Sizinamufikire m'mutu kuti manja amasunga chimene wawazoloweza, osati chimene ukuganiza.

Tsiku la ukwati anachita chinthu chimene chinadabwitsa msewu wonse, anafika nthawi isanakwane. Mayi a Batani atamuona anayang'ana wotchi yawo n'kuigwedeza kuti mwina yafa. Ndikubwera anavala diresi la buluu limene a Telala anadula okha ndi dzanja limodzi, akazi awo n'kusoka, ndi nsapato zazitali zimene zinkamuluma chala chilichonse. M'kachikwama kake munali mafuta a pamilomo, nsambo yapadera, ndi sizasi ya kuntchito imene sanakumbukire n'komwe kuti anaiikamo liti.

Holo inali yodzaza. Mipando ya pulasitiki anaiveka nsalu zoyera kuti ioneke yolemera, mabuloni ena anali ataphulika kale ndi kutentha, ndipo pakati anayalapo kapeti yofiira yaitali kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo. Ndikubwera anakhala pa kampando pambali pa nsanja, gitala pamiyendo, maikolofoni pafupi ndi pakamwa. Kumbuyo kwake kunali woimba ng'oma, msuweni wa mkwati, munthu wa manja oyabwa. Anali atauzidwa kangapo konse kuti nyimbo yolowera si yake, adikire nthawi yovina. Anavomera, koma timitengo anali atatigwira kale.

Wotsogolera mwambo anapempha anthu kuti aimirire. Zitseko zinatseguka. Pakhomo panaima Batani, woyera mbee, atakolowekana mkono ndi bambo ake. A Telala anali mu suti yakuda yosoka okha kalekale, tayi yowongoka, ndodo kudzanja lamanja, chibwano m'mwamba. Anthu ambiri m'holomo anali asanawaone chidwalire.

Apa inali nthawi yoti Ndikubwera ayambe. Munthu amene saopa magazi, saopa fupa lotulukira kunja, anachita mantha ndi anthu ovala bwino. Anaweramitsa mutu, anayang'ana nsambo, ndipo manja ake, posowa wowalamula, anachita chimene ankachidziwa. Anayamba nyimbo ya Batani pa liwiro la chifuwa cha Malume.

Kunena zoona inkamveka bwino. Ndipo vuto linali lomwelo. Woimba ng'oma atamva kuti nyimbo ndi yotentha anaganiza kuti pulogalamu yasintha, ndipo analowamo ndi mtima wonse. Azimayi a kumbuyo anayamba kuomba m'manja. Amuna ena anayamba kugwedeza mapewa. Holo yonse inanyamuka ndi chisangalalo, ndipo Ndikubwera, maso ali pa zala zake, anamva kukoma kuti zikuyenda.

Munthu wina aliyense akanangoyenda pa liwiro lake, nyimbo n'kumadzithamangira yokha. Koma a Telala ndi woimba. Moyo wawo wonse sanapondepo phazi kunja kwa nyimbo, ndipo sakanayamba lero, pamaso pa anthu, pa nyimbo yopeka okha. Anaithamangira. Ndodo inagunda msanga, phazi linatsatira, koma mwendo wa kumanzere unakana kufulumira. Anaukoka mwamphamvu. Nsapato inakola kapeti. Anadzandira, Batani n'kuwagwira ndi manja awiri, maluwa ake kupindika. Anayambanso, akuthamangirabe.

Ndikubwera sadziwa chimene chinamudzutsa mutu. Iye amati anamva ngati chala cha Sisitala pachibwano. Anayang'ana, ndipo anaona zonse nthawi imodzi monga anamuphunzitsira. Mapewa a a Telala akukwera ndi kutsika. Pakamwa pali yasa. Thukuta likutsikira mu kolala. Ndodo ikunjenjemera isanafike pansi. Anali asanafike n'komwe pakati pa kapeti. Maso a Batani anali pa iye, ndipo sanali maso a mkwatibwi. Ndipo kumbuyo kwawo, mwakachetechete, mchimwene wawo wa a Telala, munthu wabwino wofuna kuthandiza, anali akukankha njinga ija imene anaibisa kuseri kwa chitseko.

Thupi lake lonse linafuna kutaya gitala ndi kuthamanga. Mawu ake aja oti "Ndikubwera!" anali atafika kale pamilomo. Koma anadziwa kuti akangothamangira kumeneko, kuwagwira pamkono, kuwayang'ana m'maso ngati namwino, ndiye kuti a Telala asanduka wodwala pamaso pa holo yonse, ndipo zikhala chimodzimodzi ndi njinga ija. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, kuthandiza kunali kusadzuka.

Anaphimba nsambo ndi chikhatho. Kenaka anatulutsa mawu amene amagwiritsa ntchito kuchipinda kuja achibale akadzaza pa bedi la wodwala, ataiwala kuti maikolofoni ili pakamwa.

"Imani! Aliyense asiye chimene akuchita!"

Sipika inachita kunjenjemera. Woimba ng'oma anagwetsa kamtengo kamodzi, kanagubuduka mpaka pansi pa tebulo la keke. Mayi wina anatsala manja ali m'mwamba osadziwa ngati aombe kapena atsitse. Mkwati, mwana waulemu, anaima njo ngati wagwidwa akubera mayeso. Ngakhale wojambula zithunzi anatsitsa kamera.

"Bambo aakulu, njingayo ibwerere kumene yachokera."

Njinga inabwerera yokha ngati ili ndi makutu.

Tsono anatsitsa mawu, n'kulankhula monga ankalankhulira ali kamtsikana m'shopu muja.

"Bambo, pepani, ndinakwera basi. Pumani kaye. Mukakonzeka muyambe ndinu, ine ndikutsatani."

Anthu ena anaseka pang'ono osadziwa za basiyo. A Telala ankaidziwa. Mbali yabwino ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba.

Ndiye anadikira. Amene amamudziwa Ndikubwera angakuuzeni kuti pa zonse zimene anachitapo, kusoka mabala, kudzutsa okomoka, palibe chimene chinamuvuta ngati kukhala chete pa kampando kaja, dzanja lili m'mwamba pa nsambo, holo yonse ili zii. Sanayang'ane zala zake. Anayang'ana mapewa a a Telala mpaka anadekha. Anayang'ana pakamwa mpaka panatsekeka. Kenaka anayang'ana ndodo.

Ndodo inanyamuka. Pamene inkagunda pansi, iye anakhudza nsambo. Phazi lamanja linatsatira, iye anakhudzanso. Mwendo wa kumanzere unayamba ulendo wake wautali pa kapeti, ndipo iye anasiya nsambo ikulira, ikulira, mpaka nsapato inafika pamene imapita. Ndodo, phazi, kukoka. Akachedwa, nyimbo inkachedwa nawo. Pena anaima kuti apume, nyimbo inaima pambali pawo osadandaula. Sinalinso ya Malume, komanso sinali ndendende ija ya m'shopu. Inali ndi kutsimphina kwake, ndipo inakoma kuposa kale lonse.

Palibe anaomba m'manja tsopano. Mayi a Batani anali atabisa nkhope mu mpango. Woimba ng'oma, manja oyabwa aja, anawakhalira. Batani ankayenda pang'onopang'ono pambali pa bambo ake, misozi ikuwononga ntchito yonse ya wopaka nkhope, koma akumwetulira. Ndikubwera nayenso ankalira, ndipo sakanatha kupukuta, choncho misozi inkangodonthera pa gitala.

Anafika. A Telala anatenga dzanja la mwana wawo n'kuliika m'dzanja la mphunzitsi uja. Wina anawakokera mpando, koma iwo anaukana kaye. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kapeti yonse mpaka kukhomo, ngati munthu amene akuyeza nsalu ndi maso. Atakhutira, anakhala pansi okha. Apo ndiye holo inaphulika, ndipo woimba ng'oma anamasulidwa.

Nthawi ya chakudya Batani anamupeza mnzake pakona atavula nsapato.

"Iwe! Ndikanakupha lero. Anzako a kuchipatala aja akanakudzutsa, ine n'kukuphanso."

"Ndikudziwa."

"Ndipo wakalipira alendo anga ngati ana a sukulu. Apongozi anga mpaka pano akuopa kutafuna."

Anakumbatirana mpaka velo linakola ndolo ya Ndikubwera, ndipo sizasi ya m'kachikwama ija inapeza ntchito.

Kenaka anamuuza kuti a Telala akumufuna, ndipo abwere ndi gitala. Anapita atazyolika, n'kugwada pambali pa mpando wawo. Mawu awo ankatuluka mochedwa chidwalire, koma nthabwala zinali zisanafe.

"Iwe mwana. Nyimbo yanga unaitengera kuti, kuti ibwere ikuthamanga chonchi?"

Anawafotokozera zonse, za mayeso, za Malume wa labala, za kalasi yonse yong'ung'udza. A Telala anamvetsera nsidze zili m'mwamba.

"Ndiye chidolecho chinadzuka?"

"Ayi, bambo."

"Chikanadzuka bwanji? Nyimboyo ndi yogonetsera mwana!"

Anaseka mpaka akazi awo anawamenya pamsana. Ndikubwera anaseka nawo, kenaka anakumbukira kanthu.

"Koma bambo, sabata yatha anabwera dalaivala wina, mtima utaima. Ndinagwada pa iye ndikuimba yomweyi m'mphuno. Manja anafuna kutopa, koma nyimbo sinandilole. Dzulo ndamuona akudya, akukangana ndi mkazi wake za makiyi a galimoto."

Kuseka kunatha. A Telala anayang'ana dzanja lawo lopindika lili pabondo.

"Nyimbo yanga?"

"Yanu, bambo."

A Telala anakokera mpando wina pafupi pogwiritsa ntchito ndodo yawo.

"Khala apa, mbali iyi. Kuchipatalako uziithamangitsa, ndakuloleza. Koma dzanja lako lokwapulali lipume kaye, ndi limene limakwera basi. Iwe dina nsambo. Kukwapula ndikwapula ine."

Anaika gitala pamiyendo pawo. Ndikubwera anakhala kumanzere kwawo, phewa ndi phewa, n'kuika zala zake pamene pankakhala zawo. Dzanja lamanja la a Telala linatsika pa nsambo kwa nthawi yoyamba chidwalire, mwamantha pang'ono, kenaka molimba. Anthu a patebulo loyandikana anasiya kudya.

"Lolemba ubwere kushopu," anatero osasiya kukwapula. "Diresi ili ndinalakwitsa paphewa. Ndikhala nditatsegula."

Panja wojambula zithunzi anali akusonkhanitsa anzake a mkwatibwi, ndipo anamuitana Ndikubwera mpaka mawu kusasa. Iye sanayankhe, ndipo sanadzuke. Nyimbo inali isanathe.